Kuyeza PFAS, PCB ndi DDT m'magazi a anthu: zoyenera kutsata kuyambira pamkono mpaka pamakina

Mu 2005 ndi 2006 anthu oposa 69,000 okhala m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, kufupi ndi tauni ya Parkersburg ku West Virginia, anapereka magazi awo kuti akayezedwe. Fakitale ya DuPont yotchedwa Washington Works inali itataya kwa zaka zambiri mankhwala a PFOA, amodzi mwa mankhwala opangidwa m'mafakitale a gulu lotchedwa PFAS, omwe ankathandizira popanga Teflon (pulasitiki yopakidwa m'mapoto kuti chakudya chisamatirire), ndipo mankhwalawo anali atalowa m'madzi akumwa. Akatswiri atatu omwe anasankhidwa potsatira mgwirizano wa kukhoti, Tony Fletcher, David Savitz ndi Kyle Steenland, anaunika zotsatirazo pamodzi ndi mbiri ya matenda a anthuwo. Pofika 2012 anali atanena kuti PFOA ikuoneka kuti ikugwirizana ndi matenda asanu ndi limodzi: khansa ya impso, khansa ya machende, matenda a chithokomiro, zilonda za m'matumbo aakulu, kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera, ndi kuchuluka kwa cholesterol.

Kafukufuku wotere amatheka chifukwa mankhwalawa sachoka msanga m'thupi. Ku Ronneby, m'dziko la Sweden, kunapezeka mu 2013 kuti thovu lozimitsira moto la pabwalo la ndege za asilikali linaipitsa madzi a m'mipopi. Anthu atapatsidwa madzi abwino, ofufuza anapitiriza kuwayeza, ndipo anapeza kuti PFOA imatenga pafupifupi zaka zitatu kuti mlingo wake utsike ndi theka, pomwe mwa anzake a m'gulu lomwelo PFOS imatenga zaka zitatu ndi miyezi ingapo, PFHxS zaka zoposa zisanu. Choncho magazi otengedwa lero amafotokoza zomwe munthu wakhala akumwa ndi kudya kwa zaka zambiri m'mbuyomu.

Milingo yake ndi yochepa zedi. Timawerengera m'ma ng/mL, ndipo 1 ng/mL ndi chimodzimodzi miligalamu imodzi yosungunulidwa m'migolo isanu ya malita 200. Pa mlingo ngati umenewu, kachivindikiro kolakwika kapena nambala yofufutika pa kabotolo ndi zokwanira kuononga ntchito ya chaka chathunthu. Anthu amachita mantha ndi makina oyezera chifukwa ndi odula, koma zolakwika zambiri zimalowa magazi asanafike n'komwe pamakinapo, ndipo makina sangakonze zomwe zinaonongekera kuchipatala cha kumudzi.

Choyamba: dziwani mankhwala amene mukufuna, chifukwa botolo limatsatira zimenezo

Mankhwala okhalitsawa ali m'magulu awiri, ndipo khalidwe lawo m'magazi ndi losiyana.

Gulu loyamba ndi la PFAS, momwe muli PFOS, PFOA, PFHxS, PFNA ndi ena ambirimbiri. Awa amakakamira ku albumin, puloteni yomwe imayandama m'madzi achikasu a m'magazi. N'chifukwa chake amayezedwa m'madzi amenewa, otchedwa serum akalekanitsidwa magazi ataundana kapena plasma akalekanitsidwa asanaundane, ndipo mlingo wa mu serum umakhala pafupifupi kawiri wa womwe mungapeze m'magazi athunthu. Musayerekeze manambala a mitundu iwiriyi ngati ndi amodzi.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala okonda mafuta: PCB, yemwe ankathiridwa m'mafuta a matiransifoma akale a magetsi, DDT pamodzi ndi DDE yomwe thupi limapanga kuchokera ku DDT, komanso ma dioxin, poizoni wotuluka zinthu zina zikamapsa kapena popanga mankhwala ena. Awa amabisala m'mafuta a m'thupi, ndipo m'magazi amayenda ndi cholesterol ndi ma triglyceride, omwe ndi mafuta a m'magazi.

Pa nkhani ya mabotolo, magulu awiriwa amatsutsana ndithu. Serum ya PCB ndi DDT nthawi zambiri imasungidwa m'timabotolo tagalasi totsukidwa mwapadera, tokhala ndi Teflon mkati mwa chivindikiro. Kwa PFAS zonsezi n'zoletsedwa: ena mwa mankhwalawa amamatirira kugalasi n'kuchepa mu sampulo, pomwe Teflon ikhoza kuonjezera omwe munthuyo analibe. Serum ya PFAS imafuna timabotolo ta pulasitiki ya polypropylene. Ngati mukufuna magulu onse awiri, konzekeranitu timabotolo ta mitundu iwiri pa munthu aliyense.

Musasankhe mankhwala chifukwa choti ndi omwe akutchuka m'nyuzipepala za kunja. Yang'anani dera lanu. Kodi lili pafupi ndi bwalo la ndege kapena malo ophunzitsira ozimitsa moto? PFAS ndiye wofunika. Ngati ndi dera lomwe nyumba zinkapoperedwa DDT polimbana ndi udzudzu, monga m'boma la Vhembe ku Limpopo, komwe ofufuza anatenga magazi a amayi oposa 700 obereka pachipatala cha Tshilidzini mu 2012 ndi 2013, funso lanu lili pa DDT ndi DDE. Ngati ndi anthu okonza kapena kuphwasula matiransifoma, yambani ndi PCB.

Chachiwiri: pezani labotale musanatenge ngakhale dontho

Ambiri amayamba ndi kutenga magazi, n'kumadzafunafuna kokayeza pambuyo. Ndi njira yotayira ndalama. Labotale iliyonse ili ndi zofuna zake pa mtundu wa chubu, kuchuluka kwa serum ndi katumizidwe, ndipo ena amatumiza okha timabotolo tomwe anatiyeza kale.

Afunseni mafunso awa, ndipo mayankho akhale olembedwa. Kodi mlingo wotsikitsitsa womwe makina awo amatha kuona pa mankhwala aliwonse ndi wotani? Labotale ya ku Atlanta ya CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, yomwe yakhala ikuyeza PFAS mwa anthu a ku America pa kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa NHANES kuyambira 1999, imafika pa 0.1 ng/mL. Inu mukufunika wofika pamenepo kapena kutsikirapo, chifukwa milingo ya kuno ku Africa imakonda kukhala yotsika. Kafukufuku wa amayi oyembekezera ku South Africa wofalitsidwa mu 2010 anapeza mlingo wapakati wa PFOS ndi wa PFOA uli pansi pa 2 ng/mL. Kodi amatenga nawo mbali pa mayeso oyerekezera malabotale, monga G-EQUAS ya ku Erlangen ku Germany kapena AMAP yomwe imayendetsedwa ku Québec? Akuonetseni zotsatira zawo zaposachedwa. Kodi amagwiritsa ntchito serum yoyesera ya milingo yodziwika kale, yochokera ku bungwe la miyeso la ku America la NIST, yotchedwa SRM 1957 kapena SRM 1958? Labotale yomwe ikuzemba mafunso atatuwa isiyeni, ngakhale mtengo wake ukhale wokoma.

Chachitatu: chilolezo, ndi nkhani ya magazi kumudzi

Ku Malawi ndondomeko yanu iyenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina loti COMREC. Ku Zambia mumadutsanso ku National Health Research Authority. Ngati masampulo akupita kunja, pamafunika mgwirizano wolembedwa wotumizira zinthu za m'thupi la munthu. Akomiti adzafuna kudziwa chifukwa chake kuyezako sikungachitikire m'dziko momwemo, nthawi yomwe serum idzasungidwe, ndi zomwe zidzachitikire yotsala. Yankhani zimenezi m'ndondomeko momwemo, musadikire kuti akubwezereni mapepala.

Koma chidindo cha komiti sichikutsegulirani mudzi. Aliyense amene anali ku Malawi mu 2017 akukumbukira mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, momwe anthu angapo anaphedwa pongoganiziridwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Inu mukubwera ndi galimoto, singano ndi bokosi lozizira, mukutenga magazi a anthu osadwala, ndipo mukunena kuti akupita kunja. Ganizirani momwe zimenezi zimamvekera kwa munthu amene wangozimva kwa mnzake pachigayo.

Choncho yambani ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kenako kwa a T/A, a gulupu ndi nyakwawa. Yendani ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo, omwe anthu amawadziwa kusikelo ya ana. Pamsonkhano wa m'mudzi tengani chubu chopanda kanthu, chiyende m'manja mwa anthu, aone okha kukula kwake. Musanene kuti "mamililita 10". Nenani kuti "masupuni a tiyi awiri". Ngati n'kotheka tengani nthumwi ziwiri kapena zitatu zosankhidwa ndi mudzi zikaone labotale ndi firiji momwe serum izikhala. Magazi azitengedwa masana, pachipatala chodziwika, ndi anthu ovala yunifolomu ndi chiphaso. Kuyenda khomo ndi khomo madzulo ayi.

Pofotokozera munthu mmodzimmodzi, mawu akhale achindunji: "Mayi, magaziwa sitikuyeza HIV kapena malungo. Tikufuna kuona ngati muli mankhwala ena ochokera m'madzi kapena m'zakudya. Zotsatira zitenga miyezi yambiri. Mukakana, chithandizo chanu pachipatala pano sichisintha." Ngati simudzayeza HIV, musadzayezedi. Ndipo ndalama yobwezera ya mayendedwe itchulidwe momveka kuti ndi ya thiransipoti ndi nthawi, anthu asapite akunena kuti agulitsa magazi.

Chachinayi: mafunso oyenda ndi magaziwo

Nambala ya PFOS yopanda mbiri ya mwiniwake ilibe ntchito kwenikweni. Lembani zaka, kulemera ndi msinkhu, ntchito zomwe wagwirapo, zaka zomwe wakhala m'deralo, ndi komwe amatunga madzi: pamjigo, pachitsime, pampopi kapena kumtsinje, komanso ngati anasinthapo. Funsani za nsomba, mtundu wake ndi komwe zimachokera, pakuti wodya usipa ndi wodya mlamba wa m'dambo la kuseri kwa fakitale sali pamodzi. Funsani ngati nyumba inapoperedwapo ndi liti.

Kwa amayi, mafunso atatu ndi osadumphika: wabereka kangati, anayamwitsa miyezi ingati pamodzi, ndipo akusambabe kapena anasiya. Mimba, mkaka wa m'mawere ndi msambo ndi njira zomwe mankhwalawa amatulukira m'thupi, ndiye mayi wa ana asanu akhoza kukhala ndi mlingo wotsika kuposa mwamuna wake ngakhale akumwa chitsime chimodzi. Funsaninso za kupereka magazi. Ku Victoria m'dziko la Australia, kafukufuku wa ozimitsa moto 285 wofalitsidwa mu 2022 anaonetsa kuti kupereka magazi kapena plasma pafupipafupi kumatsitsa PFAS m'thupi.

Chachisanu: yezani zida zanu

Gulani machubu, singano, timabotolo ndi nsonga za pipette (chida chokokera serum) zokwanira kafukufuku yense nthawi imodzi, za loti imodzi (zopangidwa limodzi kufakitale), ndipo lembani manambala a loti. Tengani zingapo mwa izo mutumize kulabotale zikayezedwe ngati zili ndi mankhwala omwe mukufunawo. Zikapezeka zoyera m'pamene muyambe.

Kenako konzani ma blank. Awa ndi masampulo a madzi oyeretsedwa mwapadera ochokera kulabotale, omwe amayenda ulendo wonse ngati magazi: kukokedwa ndi singano kulowa m'chubu pamalo pomwe mukutengera magazi, kuikidwa mu centrifuge (makina ozungulitsa machubu kuti serum ilekane ndi magazi), kutsanulidwa m'kabotolo, kuuma m'firiji yomweyo, kukwera ndege yomweyo. Chitani chimodzi pa malo aliwonse, ndiponso nthawi iliyonse mukatsegula katoni yatsopano. Pa anthu khumi kapena makumi awiri alionse, gawani serum ya mmodzi m'timabotolo tiwiri ta manambala osiyana, alabotale asadziwe kuti ndi munthu mmodzi. Bajeti ikathina, anthu amathamangira kudula ma blank. Ine ndingalole kuchepetsa chiwerengero cha anthu kusiyana ndi kudula amenewa, chifukwa tsiku lomwe wina adzafunse kuti "mukudziwa bwanji kuti PFOA imeneyi sinachokere m'chubu?" yankho lanu lidzakhala ma blank basi.

Chachisanu ndi chimodzi: tsiku lotenga magazi

Kwa PFAS munthu safunika kusala kudya. Kwa PCB ndi DDT ndi bwino kutenga m'mawa asanadye, popeza chakudya chimakweza mafuta m'magazi. Zikakanika, lembani nthawi yomwe anadya komaliza.

Tebulo likhale loyera, lopanda zakudya ndi mapepala okulungira zakudya. Wotenga magazi avale magolovesi a nitrile, atsopano pa munthu aliyense, ndipo asavale jekete yosalowa madzi pogwira ntchitoyi, chifukwa nsalu zina zotere zimapakidwa PFAS. Matani nambala pachubu munthuyo akuona, muiwerenge mokweza, mnzanu aitsimikize pafomu. Dzina lisalembedwe pachubu.

Pukutani pamkono ndi spirit, mudikire paume. Mangani lamba osapitirira mphindi imodzi. Singano ya 21G ndi yabwino kwa akuluakulu. Yaing'ono kwambiri imaswa maselo ofiira, ndipo serum imatuluka yofiirira m'malo mwa yachikasu. Gwiritsani ntchito chubu cha chivindikiro chofiira, chopanda mankhwala oletsa magazi kuundana, pokhapokha ngati labotale yanu yanena zina. Chubu cha mamililita 10 chimapereka serum pafupifupi mamililita 4, yokwanira PFAS, PCB, mafuta a m'magazi ndi ina yosunga. Ngati ndi chapulasitiki chokhala ndi mankhwala othandiza kuundana, chitembenuzeni pang'onopang'ono kasanu. Osachikhutchumula.

Chiimikeni chilili pachoikira kwa mphindi 30 mpaka 60, pamthunzi, osati m'madzi oundana. Apa m'pamene anthu amapupuluma, makamaka mzere ukatalika panja ndipo dalaivala akuyang'ana wotchi. Mukazungulitsa magazi asanaundane bwino, mu serum mumatsala ulusi woyera womata womwe umatseka nsonga ya pipette ndi kusokoneza muyeso. Akaundana, zungulitsani mu centrifuge kwa mphindi 10 mpaka 15 pa mphamvu ya 1,000 mpaka 1,300 g (muyeso wa mphamvu yozungulira, osati magalamu), machubu atayang'anizana molingana kulemera. Yesetsani kuti serum ikhale italekanitsidwa pasanathe maola awiri chitengereni magazi.

Potsanula, pendeketsani chubu pang'ono, nsonga ya pipette ikhale pamwamba, kutali ndi magazi oundana a pansi. Kuli bwino kusiya serum pang'ono kusiyana ndi kukoka maselo ofiira. Gawani m'timabotolo titatu kapena tinayi, osadzaza mpaka kukamwa chifukwa madzi akauma amafufuma ndipo chivindikiro chimatha kung'aluka. Lembani m'buku nthawi yotenga, nthawi yozungulitsa, nthawi yolowa m'firiji, ndi maonekedwe a serum: yachikasu, yofiirira kapena yoyera ngati mkaka. Zomata zikhale zopirira kuzizira, zosindikizidwa ndi makina. Inki ya cholembera wamba imasungunuka ikakhudzana ndi spirit, ndipo kabotolo kopanda nambala ndi kotayika ngakhale kali m'manja mwanu.

Chachisanu ndi chiwiri: kusunga

Firiji ya madigiri -20 ndi yokwanira kwa miyezi. Ya -80 ndi yabwino ngati mukusunga zaka. Mankhwala enieniwo saola, n'chifukwa chake tikuwafufuza, koma serum imaonongeka, ndipo kabotolo kosungunuka n'kuumanso kambirimbiri kamatha kutaya madzi, mlingo n'kuoneka wokwera. Ndi mmene magetsi athu amathimira, firiji ikhale pa jenereta kapena sola, mukhale kachipangizo kolemba kuzizira usana ndi usiku, ndipo pakhale munthu wodziwika amene amaimbiridwa foni alamu ikalira Loweruka usiku. Timabotolo ta munthu mmodzi tigawidwe m'mafiriji awiri.

Kusunga bwino kuli ndi phindu lomwe simungalione lero. Fakitale ya ICMESA itaphulika kufupi ndi Seveso, ku Italy, pa 10 July 1976, panalibe njira yoyezera dioxin mu serum yochepa. Dokotala Paolo Mocarelli wa pachipatala cha Desio anasunga masampulo masauzande ambiri m'firiji, ndipo patatha zaka zoposa khumi akatswiri a CDC anatha kuwayeza. Zambiri zomwe zikudziwika za dioxin mwa anthu zinachokera m'mafiriji amenewo. Kungoti kusunga kotere kuyenera kukhala kololedwa ndi komiti ndiponso kolembedwa m'fomu yomwe munthu anasaina.

Chachisanu ndi chitatu: kutumiza

Serum ya anthu kawirikawiri imatumizidwa pa nambala ya UN3373, m'zotengera zitatu: kabotolo, thumba kapena chitini chosadontha chokhala ndi thonje lomwa madzi, ndi bokosi lolimba lakunja. Dry ice, mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa womwe umaziziritsa masampulo paulendo, ali ndi chizindikiro chakechake, UN1845, ndipo bokosi lisamatidwe mothina chifukwa mpweya wake uyenera kutuluka. Amatha makilogalamu angapo patsiku, ndiye ikani wokwanira masiku a ulendo ndi ena awiri kapena atatu a kuchedwa pa kasitomu. Tumizani Lolemba kapena Lachiwiri, mutayang'ana masiku a tchuthi a dziko lomwe katundu akupita. Musatumize timabotolo tonse pa ulendo umodzi.

Chachisanu ndi chinayi: zomwe zimachitika pamakina, ndi zoti muyang'anire

PFAS amayezedwa ndi makina a LC-MS/MS, pomwe PCB, DDT ndi dioxin amayezedwa ndi GC-MS. Makina onsewa amazindikira mankhwala powaswa n'kuyeza kulemera kwa zidutswa zake. Asanayambe chilichonse, katswiri amathira mu serum mlingo wodziwika wa mankhwala ofanana ndi omwe akufunidwa koma okhala ndi carbon-13, yolemererapo pang'ono. Zomwe zingatayike poyeretsa sampulo zimatayika mofanana pa onse awiri, ndiye poyerekeza awiriwo mlingo weniweni umapezeka. Njira ya CDC imafuna serum yosakwana theka la mililita.

Pali misampha itatu yomwe muyenera kufunsa. Woyamba, mapaipi a m'makina ambiri ali ndi Teflon, ndiye makinawo amatha kutulutsa PFOA yawoyawo. Malabotale abwino amasintha mapaipiwo kapena kuika kapaipi kapadera (column) kochedwetsa PFOA ya m'makina kuti isasakanikirane ndi ya munthu. Wachiwiri, m'magazi muli asidi wa ndulu wotchedwa TDCA yemwe kulemera kwake kumafanana ndi kwa PFOS, 499, ndipo naye amasweka n'kupereka kachidutswa ka 80. Wongoyang'ana 499 kupita ku 80 osalekanitsa awiriwa akhoza kuwerenga ndulu ngati PFOS. Funsani ngati amatsimikizanso ndi kachidutswa ka 99. Wachitatu, PFOS yomwe kampani ya 3M inkapanga isanalengeze mu 2000 kuti ikusiya, inali yosakaniza: pafupifupi magawo 70 pa 100 ya kapangidwe koongoka, yotsalayo ya kapangidwe kanthambi. Lipoti linene ngati nambala yake ndi ya yoongoka yokha kapena zonse pamodzi.

Chinthu chimodzi chili m'manja mwanu: sakanizani masampulo musanatumize. Ngati a odwala onse ayezedwa sabata ino ndipo a anthu abwinobwino mwezi wamawa, kusiyana kulikonse kwa makina pakati pa masiku amenewo kudzaoneka ngati kusiyana kwa matenda.

Chakhumi: kuwerenga manambala

Yambani ndi ma blank ndi masampulo obwereza aja. Akakhala bwino, pitirirani.

Zotsatira zomwe zili pansi pa mlingo womwe makina amaona musazilembe ziro, ndipo musazichotse. NHANES imaikapo mlingo wotsikitsitsawo wogawidwa ndi 1.414. Njirayi ndi yabwino ngati zoterezi ndi zochepa. Zikafika theka la anthu, ingonenani kuti mankhwalawo anapezeka mwa anthu angati pa 100. Popeza anthu ochepa amakhala ndi milingo yokwera kwambiri, avereji wamba amanamiza. Ku Parkersburg avereji ya PFOA inali yoposa 80 ng/mL pomwe munthu wapakati anali ndi pafupifupi 28. Nenani median (mlingo wa munthu wapakati) kapena geometric mean (avereji yomwe sikokedwa kwambiri ndi milingo yokwera ya anthu ochepa).

PCB ndi DDE ziwerengedwenso pa galamu ya mafuta. Yezani cholesterol ndi ma triglyceride mu serum yomweyo, kenako gwiritsani ntchito njira ya Phillips: mafuta onse ndi cholesterol kuchulukitsa ndi 2.27, kuphatikiza ma triglyceride, kuphatikiza 62.3, zonse m'ma mg/dL. Pa DDT yang'ananinso kuchuluka kwake poyerekeza ndi DDE: DDT ikachuluka ndiye kuti munthuyo wakumana nayo posachedwa, DDE ikatsala yokha ndi zakale.

Msampha waukulu pa PFAS ndi kusokoneza choyambitsa ndi chotsatira. Impso ndizo zimatulutsa mankhwalawa, ndiye munthu wa impso zofooka amakhala ndi mlingo wokwera chifukwa cha matendawo, osati kuti mankhwalawo ndiwo anamudwalitsa. Kwa mayi woyembekezera madzi a m'magazi amachuluka mimba ikamakula, PFAS n'kusungunuka, ndipo momwe amachulukira zimagwirizananso ndi kukula kwa mwana. Woyeza kumapeto kwa mimba akhoza kuona ngati PFAS yachepetsa sikelo ya mwana pamene china chake chikukoka zonse ziwiri. Choncho yezani creatinine (yoonetsa momwe impso zikugwirira ntchito) ndi albumin, lembani masabata a mimba, ndipo ngati mungathe tengani magazi m'miyezi itatu yoyambirira.

Poyerekeza ndi maiko ena onetsetsani chaka. PFOS ya anthu a ku America inali pafupifupi 30 ng/mL mu 1999 ndi 2000, koma pofika 2017 ndi 2018 inali itatsika kufika pafupifupi 4. Pangano la maiko la Stockholm lolimbana ndi mankhwala okhalitsa linaika malire pa PFOS mu 2009, linaletsa PFOA mu 2019 ndi PFHxS mu 2022, ndiye nambala ya zaka makumi awiri zapitazo si muyeso wa lero.

Chomaliza: kubweza zotsatira kwa eni magazi

Walira mvula walira matope: mukayeza, mudzapeza anthu a milingo yokwera, ndipo muyenera kudziwiratu chomwe mudzawauze. Zilembedwe m'ndondomeko ndi m'bajeti kuyambira pachiyambi, chifukwa zotsatira zimabwera ndalama za kafukufuku zitatsala pang'ono kutha.

Muli ndi poyambira. Mu 2022 bungwe la National Academies ku America linapereka malire pa PFAS asanu ndi awiri ophatikizidwa: pansi pa 2 ng/mL sipayembekezeka vuto, pakati pa 2 ndi 20 pakhoza kukhala vuto makamaka kwa amayi oyembekezera ndi ena osatetezeka, pamwamba pa 20 chiopsezo ndi chokulirapo ndipo dokotala aziona cholesterol, chithokomiro ndi zizindikiro za khansa ya impso ndi ya machende. Mu 2023 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika PFOA m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, PFOS m'gulu la zomwe mwina zingayambitse. Komabe nambala ya munthu mmodzi siyinena kuti adzadwala kapena ayi, ndipo siyingatsimikize kuti matenda omwe ali nawo anachokera pamenepo. Muwauze zimenezi momveka, maso ndi maso, m'chipinda, osati pagulu kapena pa uthenga wa pafoni.

Mudzi uuzidwe zotsatira za onse pamodzi, popanda maina. Ngati zikuloza chitsime kapena mtsinje wina, a zaumoyo ndi a zachilengedwe a boma adziwe msonkhano usanachitike, kuti pofika tsikulo pakhale yankho la komwe anthu azitunga madzi. Achenjezeni kuti kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini sikuchotsa PFAS. Zomwe zimachotsa ndi zosefera za activated carbon ndi za reverse osmosis, kapena kusintha gwero la madzi.

Funso lomwe lidzabwere ndithu ndi la mayi woyamwitsa: "Ndiye ndimuchotse kubere mwanayu?" Yankho ndi ayi. Mankhwalawa amadutsadi mumkaka, koma World Health Organization, yomwe yakhala ikuyeza mankhwala okhalitsa mumkaka wa amayi kwa zaka zambiri, imalimbikitsabe kuyamwitsa, ndipo mwana wosiyitsidwa bere msanga n'kumamwa mkaka wosungunulidwa ndi madzi a pachitsime chomwecho ali pa chiopsezo chachikulu cha kutsegula m'mimba ndi kunyentchera. Namwino aliyense wopereka zotsatira ayeserere yankho limeneli asanakumane ndi mayi woyamba, ndipo lilembedwenso m'Chichewa papepala lomwe mayiyo atenge popita kunyumba.